Chiwaya cha ku Dedza ndi Zokometsera Zachilendo: Mawu Olankhulidwa pa Mwambo wa Chikhalidwe



Pa mwambo ngati uno, nkhani zimene anthu amayembekezera ndi za ufumu, za magule, za chinamwali ndi za mbiri ya makolo. Nkhani ya lero ikuoneka yopepuka poyerekeza ndi zimenezo, chifukwa ikunena za chakudya chogulidwa m'mbali mwa msewu, chimene munthu amadya choimirira, nthawi zina basi ikuimba kale hutala. Komabe, ng'oma zikaleka, zilombo zikabwerera kudambwe, khamu lonse limalowera kumene kukufuka utsi wa chiwaya. Mwana amene sadamvepo mbiri ya Kalonga amadziwa bwino kukoma kwa chitumbuwa. Choncho bungwe losunga chikhalidwe likanyoza chakudya cha m'msewu, ndiye kuti lanyoza khomo limene ana ambiri amalowera pophunzira za kwawo.

Pali mkangano umene ukukula pakati pa akulu ndi achinyamata. Anyamata ndi atsikana amene adakhalako ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, ngakhalenso amene amangoonera makanema a zophikaphika pa foni, ayamba kusintha zakudya zozolowereka. Chipisi akuchithira tchizi ndi mayonezi, ena akuchisakaniza ndi masala, ena akuchikulunga m'chapati pamodzi ndi nyama monga amachitira ogulitsa shawarma m'matauni. Zigege akuzikometsera ndi adyo, zitumbuwa akuzithira sinamoni kapena chokoleti. Akulu ena akaona zimenezi amapukusa mutu, n'kunena kuti ana akuwononga chakudya cha makolo. Ana nawo amayankha kuti tsobola wakale sawawa. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo mlanduwu sungaweruzidwe bwino popanda kuyamba wafunsa kumene zakudyazi zidachokera.

Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imayandikira mamita 2,200. Kuzizira kwa m'mapiri muno, kumene kumagwedeza mano m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndi kumene mbatata ya kachewere imakonda. Woyenda pa msewu wa M1 amadzionera yekha ndowa ndi matumba osefukira a mbatata pa Chimbiya, pa mphambano ya ku Bembeke, mpaka pa Lizulu kumbali ya Ntcheu. Tsidya la malire, ku Angonia m'dziko la Mozambique, nako ulimi wake ndi womwewo. Mbatata imeneyi ndiyo imadyetsa ziwaya za m'mizinda, imalipira ana sukulu, imafolera nyumba ndi malata. Munthu wa ku Dedza akamati kachewere ndi wakwathu, palibe angamutsutse.

Koma kachewere sadabadwire m'mapiri ano. Kwawo ndi ku mapiri a Andes ku South America, makamaka kufupi ndi nyanja ya Titicaca pakati pa Peru ndi Bolivia, kumene anthu adayamba kumulima zaka zoposa 7,000 zapitazo. Anthu a ku Spain adamutengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Adafala kwambiri ku Ireland, kumene anthu osauka adamudalira kotheratu, mpaka pamene matenda a chiwawu adaononga minda kuyambira m'chaka cha 1845, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa ndi njala. Ndicho chifukwa chake ambiri amamutchabe mbatata ya Airishi. Kuno adafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'manja mwa amishoni ndi azungu ena obwera kudzakhala. Ngakhale mawu oti mbatata ndi achibale a mawu a Chipwitikizi oti batata.

Mbiri ya zinzake ndi yofanana. Chimanga, chimene ufa wake umaumba chitumbuwa ndi chikondamoyo, chidachokera ku Mexico, ndipo chidafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi pambuyo pa chaka cha 1500. Chisadafike, makolo ankadalira mapira, mawere ndi mchewere. Chinangwa chidachokera ku Brazil. Mtedza, tomato ndi tsabola nazo n'zochokera tsidya lomwelo la nyanja. Nthochi kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Mandasi ndi abale a mandazi a Aswahili a m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean. Samusa adabwera ndi amwenye amene adatsegula masitolo m'misika ya Nyasaland. Zigege, zija amadula mbatata mopyapyala, n'kuziviika mu phala la ufa wa tirigu, n'kukazinga, zimafanana kwambiri ndi bhajia wa mbatata amene amwenye ndi Aswahili amadya ku Mombasa ndi ku Dar es Salaam. Ndipo kukazinga mbatata yodula mizeremizere m'mafuta ochuluka ndi luso limene lidatchuka ku Belgium, ku France ndi ku Britain lisadafike kuno.

Apa ndiye pali phunziro loyamba. Chiwaya cha pa Chimbiya ndi msonkhano wa alendo: mbatata ya ku Peru, tsabola wa ku America, kabichi wa ku Ulaya, kakazingidwe ka azungu. Akale adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo iwo omwe sadathamangitse alendo amenewa. Adawalandira, adawapatsa malo m'munda ndi m'dimba, adawatcha mayina. Amene akunena kuti kusakaniza zakudya n'kwachilendo akuiwala kuti agogo awo ndiwo adayamba kusakaniza. Mayi woyamba amene adasinja nthochi zakupsa mu mtondo, n'kuthiramo mgaiwa ndi kamchere, n'kuponya m'mafuta, adachita chinthu chimene amayi ake omubala sadachionepo.

Miyala ya ku Chongoni, imene bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, ikuphunzitsa zomwezo. Pa malo 127 amenewo, monga ku Chentcherere, ku Mphunzi ndi ku Namzeze, pali zojambula zofiira za Akafula ndi zojambula zoyera za Achewa, zina pa thanthwe limodzi lomwelo. Obwera pambuyo adawonjezera zawo, ndipo zakale zikuonekabe mpaka lero. Boma lino nalonso ndi la Achewa, Angoni ndi Ayao, amene akhala akukwatirana ndi kubwerekana miphika kwa mibadwo ingapo. Chikhalidwe cha kuno chidakula mwa kulandira, ndipo sichidathe chifukwa cha kulandirako.

Nanga ngati zonsezi zidachokera kutali, n'chiyani chidazisandutsa za kuno? Choyamba ndi dothi ndi thukuta: mbewu idalowa m'nthaka ya Bembeke ndi Kanyama, n'kulimidwa ndi khasu la mwini mudzi. Kenaka pali manja. Chiwaya chenichenicho, chitsulo chosulidwa chokhala ndi dzenje pakati pomwe pamakhala mafuta, ndi mphepete yotambalala pomwe chipisi chakupsa chimadikira wogula, ndi ntchito ya amisiri a m'misika ya kuno. Pali dzina, pakuti chigege, chitumbuwa ndi chikondamoyo ndi mawu amene lilime la kuno lidawumba. Ndipo pali kadyedwe. Pa chiwaya mphunzitsi, wakabaza, wapolisi ndi mlimi amaima phewa ndi phewa, kutapa mchere ndi tsabola pa mulu umodzi, kukambirana za mvula ndi za mpira. Wokhala ndi ndalama zochepa amapatsidwa za ndalama zakezo, wopanda kanthu mnzake amamuitana kuti atoleko. Pamene UNESCO idalemba nsima pa mndandanda wa miyambo ya anthu m'chaka cha 2017, sidalembe ufa ndi madzi chabe. Idalemba luso la kuphika lopatsirana m'banja ndi mwambo wodyera pamodzi. Chiwaya nacho ulemu wake uli pomwepo.

Mitundu ina idadutsa kale m'njira imene achinyamata a kuno ayamba kuyendamo, ndipo n'kwabwino kuona mmene idathera. Ku Peru komweko, kwawo kwa kachewere, anthu ochokera ku China amene adayamba kufika m'chaka cha 1849 kudzagwira ntchito m'minda adabweretsa kakazingidwe kawo ka nyama pa moto waukali. Kakazingidweko kadakumana ndi mbatata, tomato ndi tsabola wa m'dzikomo, ndipo padabadwa chakudya chotchedwa lomo saltado, chimene lero anthu a ku Peru amanyadira ngati chawochawo. Ku Tanzania adaphwanyira mazira pa chipisi, n'kupanga chipsi mayai. Ku South Africa, Amalawi okhala ku Joni amadziwa kota, buledi wobowola wodzazidwa ndi chipisi, soseji ndi atcha. Ku Quebec m'dziko la Canada kuli poutine, chipisi chothira tchizi ndi msuzi, chimene chidayambira m'malo odyera a kumidzi m'zaka za m'ma 1950. Pa zonsezi pali chinthu chimodzi chofanana. Anthu wamba ndiwo adasakaniza, adagwiritsa ntchito zimene zinali pafupi nawo, ndipo chakudyacho adachipatsa dzina la m'chinenero chawo.

Chitsanzo cha ku Netherlands chingadabwitse amayi a kuno. Kumeneko anthu amakonda kuthira pa chipisi msuzi wa mtedza, umene adauphunzira kwa anthu a ku Indonesia, dziko limene adalilamulira kale. Msuzi wa mtedza ku Amsterdam amauyesa chokometsera chochokera kutali. Ku Dedza nsinjiro zili m'nyumba iliyonse, ndipo futali, mbatata ya kholowa yotendera, wakhala akudyedwa m'mawa kuyambira kalekale. Mnyamata amene akuwononga phindu lake pogula botolo la mayonezi wochokera kunja akusiya chuma m'lichero la amayi ake. Chipisi cha msuzi wa nsinjiro ndi tsabola wa kambuzi chingakhale chatsopano kwa wogula aliyense wa pa M1, ndipo ndalama yake yonse ingatsale m'boma lino.

Mpofunika tsono kunena mosabisa pamene pali ngozi, chifukwa nkhawa ya akulu ili ndi maziko. Ngozi yoyamba ikugwera mlimi. M'masitolo akuluakulu a m'mizinda mumagulitsidwa chipisi chodula kale, chouma ndi chisanu, chochokera kunja kwa dziko. Malo odyera amakono akazolowera chimenecho, n'kuthirapo tchizi wakunja ndi sosi wakunja, mbale imakongola koma mlimi wa ku Bembeke sapezapo kanthu. Mbatata yake imatsala m'mbali mwa msewu, mavenda n'kumaigula pa mtengo wolira nawo, thumba losokerera pamwamba pa mtengo wa thumba wamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chakudya chotere, ngakhale chitatchedwa cha Chimalawi pa chikwangwani, chalekana nalo dothi la Malawi.

Ngozi yachiwiri ikugwera dzina. Chitumbuwa chikalowa m'hotela kawirikawiri chimavula dzina lake pakhomo, n'kuvala la Chingerezi, ngati kuti dzina la kwawo ndi lochititsa manyazi. Koma anthu a ku Japan sadasinthe dzina la sushi kuti alendo amudye, ngakhalenso a ku Ethiopia sadasinthe la injera. Dziko lidaphunzira kutchula mayinawo, ndipo aliyense wowatchula amakumbuka eni ake. Dzina likatayika, mwini wake amaiwalika, ndipo pakapita zaka mdzukulu amadzagula chakudya cha agogo ake ngati chobwera.

Ngozi yachitatu ikugwera amayi ndi anyamata amene asunga malondawa zaka zonsezi. Mayi amadzuka tambala woyamba kukazinga mandasi ndi zitumbuwa, n'kusenza beseni kupita pa sukulu kapena pa siteji. Mnyamata amasenda mbatata ndi manja ouma ndi chisanu dzuwa lisadatuluke. Luso ndi lawo. Kukakhala kuti chakudya chomwecho, chitathiridwa zokometsera pang'ono, chikugulitsidwa mtengo wowirikiza kangapo kwa olemera okha, pamene eni luso akuthamangitsidwa m'misewu ndi kutchedwa auve, ndiye kuti mtundu wadyera masuku pamutu ana ake omwe.

Pali zinanso zimene mwambo sungaziikire kumbuyo ngakhale zitakhala zozolowereka. Mafuta okazingira mobwerezabwereza mpaka kuda bii si abwino m'thupi. Nkhuni zimene ziwaya zimatha tsiku lililonse zikuchokera m'mitengo ya m'mapiri omwewa, kuphatikizapo nkhalango zotetezedwa za Chongoni ndi Dedza-Salima. Timajumbo topyapyala timene chipisi chimaikidwamo tadzaza m'ngalande, chonsecho boma lidatiletsa m'chaka cha 2015. Achinyamata akabwera ndi mbaula zosatha nkhuni zambiri, ndi madzi osamba m'manja, ndi zokulungira za pepala kapena masamba a nthochi, akulu ayenera kuwayamika, pakuti kumeneko ndi kukonza chiwaya kuti chifike kwa adzukulu.

Tsono mlandu uja ungagamulidwe motere. Kusakaniza n'kololedwa, ndipo n'kofunika, malinga wosakanizayo ayambe wadziwa chimene akusakaniza. Amene sadziwa kusankha nthochi yakupsa bwino, kapena kuyeza mgaiwa kuti chitumbuwa chisamwe mafuta, kapena kusiyanitsa mbatata ya Rosita ndi ya Violet pa chiwaya, alibe choti awonjezerepo. Ayambe wakhala pansi pafupi ndi amayi kapena agogo ake, aphunzire chenichenicho, kenaka ayese zakezo. Akayesa, dzina lisachoke: zikhale zigege za adyo, zitumbuwa za uchi, chipisi cha nsinjiro. Ndipo asadathamangire ku sitolo, ayang'ane kaye zimene boma lino limabereka. Kumtunda kuno kuli nsawawa, nyemba, kabichi, anyezi, mapichesi ndi masuku. Kumunsi, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, kuli malambe, bwemba ndi usipa wa m'nyanja. Zokometsera zachilendo zibwere ngati mchere, ndiwo yeniyeni ikhale ya kumudzi.

Njira imeneyi ena adaiyenda kale m'dziko lino. Tsabola wa Nali, amene adayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1970, adatenga tsabola wolimidwa ndi Amalawi, n'kumuika m'botolo monga amachitira akunja, ndipo lero Amalawi okhala kutali amatumizirana ngati mphatso. Akatswiri a zaulimi, pamodzi ndi bungwe la International Potato Center limene likulu lake lili ku Lima, akhala akugwira ntchito pa malo ofufuzira za mbewu a ku Bembeke kuti alimi apeze mbewu ya kachewere yopanda matenda. Adafalitsanso mbatata ya kholowa yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, imene ili ndi Vitamini A wochuluka. Mbatata imeneyi ikaphikidwa n'kukanyidwa pamodzi ndi ufa, mandasi amatuluka ofewa ndi okongola, ndipo ufa wa tirigu umalowa wochepa. Popeza tirigu wambiri amene dziko lino limadya ndi wogula kunja, mandasi otere amapulumutsa ndalama ya mayi wokazinga ndi ya dziko lomwe. Kusakaniza kopindulitsa ndi kumeneko.

Bungwe la United Nations lidapatula chaka cha 2008 kukhala chaka cha mbatata ya kachewere, ndipo kuyambira 2024 tsiku la 30 Meyi limakumbukiridwa ngati tsiku la mbewu imeneyi pa dziko lonse. Ku Andes alimi akusungabe mitundu yoposa 4,000 ya kachewere, ndipo ophika otchuka a ku Lima amapita kukaigula kwa alimiwo, n'kulemba dzina la mbatata ndi dera lake pa mndandanda wa zakudya. Palibe choletsa kuti tsiku lina wodya ku Lilongwe kapena ku Cape Town adzafunse kuti mbatata ili m'mbale yake ndi ya ku Dedza kapena ayi. Zimenezi sizingachitike zokha, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Chifukwa chake pali mapempho. Mafumu akupemphedwa kuti pa mwambo uliwonse pazipatulidwa malo aulemu a zakudya, pafupi ndi bwalo, kumene amayi odziwa kuphika chikondamoyo, chigumu, futali, zitumbuwa ndi thobwa angaonetse luso lawo, achinyamata nawo n'kuyala zatsopano zawo pambali pomwepo, kuti anthu alawe zonse ndi kuweruza ndi lilime. Bungwe likupemphedwa kuti lilembe kaphikidwe ka zakudyazi m'Chichewa, kuchokera pakamwa pa agogo amene akali moyo, pamodzi ndi midzi imene kaphikidweko kachokera. Eni malo ogona alendo ndi odyera m'boma lino akupemphedwa kugula mbatata, mtedza ndi ndiwo zamasamba kwa alimi a pafupi, pa mtengo wachilungamo ndi pa sikelo yoona. A khonsolo akupemphedwa kuthandiza okazinga ndi malo aukhondo okhala ndi madzi, chifukwa munthu wothamangitsidwa tsiku ndi tsiku sangaike mtima pa kukonza malonda ake.

Kwa akulu, pempho n'lakuti asafulumire kudzudzula. Mwana akabwera ndi chipisi chokulunga m'chapati, alawe kaye, kenaka amufunse kumene mbatata yake waigula ndi dzina limene wachipatsa. Akayankha kuti mbatata ndi ya m'dimba la amalume ake ndipo dzina ndi la kwawo, mwanayo sadasochere. Kwa achinyamata, pempho n'lakuti akumbukire kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Zimene akuziona pa foni lero zidzasintha chaka chamawa, koma luso la m'manja mwa agogo likapita kumanda silidzapezekanso pa intaneti.

Mwambo ukatha lero, aliyense wobwerera kwawo adutseko pa chiwaya kapena pa beseni la zitumbuwa, agule, ndipo amuthokoze wokazingayo, pakuti nayenso ndi wosunga chikhalidwe.